Lipoti la ulendo wa ku Zomba

A Tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku msonkhano wa makalabu othamanga ndi opalasa njinga umene munandituma. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndawapereka kale kwa a Msungichuma. Amene akukayika za alawansi akawaone kumeneko, osati kumangonong'onezana pa WhatsApp.

Lachisanu lonse linathera pa za kalembetsedwe ka makalabu. Mafomu ndabwera nawo.

Loweruka tinadzuka kusanache. Othamanga analowera ku Potato Path, kanjira ka miyendo kochoka m'tauni kukafika paphiri la Zomba, ife a njinga tinatenga msewu wa tara wokwera ku Ku Chawe. Abale anga, chitunda chimenecho sichitha. Pofika pa kona yachitatu magiya anali atandithera, miyendo ikunjenjemera, ndiye kamnyamata kena kanandidutsa kakuimba mluzu. Nditafika pafupi ndi damu la Mulunguzi ndinangokhala pansi, thukuta likuzizirira m'thupi, n'kugula masitiroberi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndi ndalama yanga. Phirilo pamwamba penipeni limapitirira mamita 2,000, ndipo anzathu a ku Zomba amalikwera sabata iliyonse ngati akupita kuchigayo.

Ife kuno ku Liwonde timangothamanga pachidikha, kuchoka pa Kamuzu Barrage n'kubwerera, kenako tikuti tikapikisane ku Porters Race, mpikisano wothamanga wa paphiri la Mulanje, kumene munthu ukangonyamuka ku Likhubula umayamba kukwera ku Chambe. Tidzangopitako kukaombera anzathu m'manja. Chitunda tili nacho, mumsewu wa M3 wopita ku Machinga boma. Ndinanena izi chaka chatha, ena munati ndikudzionetsa. Ndikubwerezanso: Loweruka lililonse tizipita kumeneko 5 koloko m'mawa, dzuwa la kuno lisanayambe kuwotcha.

Ndikudziwa mufunsa za malole. Msonkhano unagwirizana kuti pamsewu waukulu tiziyenda mondondozana, tili ndi majekete onyezimira, ndipo wopalasa aliyense azivala helemeti. Za majekete ndinakweza dzanja. Za helemeti ndinatsutsa kuti zisakhale zokakamiza msangamsanga, chifukwa ambiri mwa ife ndi akabaza, ndalama ya tsiku imathera ku ufa ndi chubu. Anandigonjetsa pa mavoti, ndiye tikambirane zogula pang'onopang'ono ngati gulu.

Pa majekete pomwepo: tinasonkha ndalama nthawi ya mvula, mpaka lero sitinaone ngakhale limodzi. Ku Zomba ndinachita kubwereka, lolembedwa dzina la kalabu ya eni ake kumsana, anthu n'kumandifunsa kuti ndasamuka liti. A komiti atiyankhe pa msonkhano wa Lamulungu, ndipo pampu ya gulu imene inapita kwa membala wina ibwerenso tsiku lomwelo.

Gawo la kadyedwe linanena za madzi ndi nthochi, zimene tikuzidziwa kale.