Pa tchuthi, sabata iliyonse ya ana ikhale ndi mutu wake

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, makamaka ife ochepa amene timaphunzitsa ana athu pakhomo, komanso ena onse amene ana awo akhale nawo panyumba pa tchuthi chachitali chija chimene chimagwa pakati pa Julaye ndi Seputembala.

Ine ndimakhala chakuno ku Bembeke, m'boma la Dedza. Ndinali mphunzitsi wa kupulaimale, koma ndinasiya ntchito chifukwa cha mwana wanga wachiwiri amene ali ndi vuto la miyendo. Sukulu imene tili nayo pafupi ili kutsidya kwa dambo, njira yake ndi ya zitunda, ndipo dzinja likafika ngakhale a kabaza amakana. Choncho iyeyo pamodzi ndi mlongo wake, yemwe ndi mzime wanga, ndimawaphunzitsa ndekha pakhonde, potsatira mabuku omwewo a boma. Mkulu wawo ali kusekondale yogonera konko.

Anthu amakonda kundifunsa kuti mwana wophunzira pakhomo tchuthi nchachiyani, poti tsiku lililonse ali pakhomo kale. Ine sukulu za boma zikatsekera nanenso ndimatseka mabuku, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mwana wophunzira pakhomo sasowa masamu, sasowa Chingerezi, amasowa anzake. Nthawi ya sukulu mudzi wonse umangoti zii kuyambira m'mawa, ana onse ali m'kalasi. Tchuthi ndi nthawi yokhayo imene anzakewo amapezeka tsiku lonse. Ndikati ndipitirize kumuwerengetsa yekha pakhonde, ndiye kuti ndamumana chinthu chimene wakhala akuchilakalaka chaka chonse. Komanso ndikangowatayirira, ana a m'mudzi amabalalika: anyamata kokatentha tchire ndi kukumba mbewa, ena kumavidiyo pamsika, atsikana kumjigo ndi kumtondo, ndipo uja wosatha kuyenda amatsalanso yekha.

Nchifukwa chake ndinagwirizana ndi amayi anzanga a m'mudzi muno kuti pa tchuthi ana azisonkhana pakhomo panga m'mawa, akatha kusesa ndi kutsuka mbale, mpaka nthawi ya nkhomaliro. Sabata iliyonse timasankha mutu umodzi wokha, ndipo chilichonse chimene tichite sabata imeneyo chimachokera pa mutuwo. Lolemba ndimangoponya funso, ana nkumakanganirana. Masiku apakati timapita kukaona, kukagwira ndi manja, kukafunsa akuluakulu. Lachisanu ana amaonetsa zimene apeza kwa makolo ndi agogo amene angabwere. Mwana aliyense amakhala ndi kope limodzi lolembamo ndi kujambulamo, basi. Palibe mayeso, palibe kukhoza kapena kulephera, ndipo palibe amene amalipira.

Mwa mitu yonse imene tayesa, umene unagwira mtima ana kwambiri ndi wa dongo. Funso la Lolemba linali lakuti: bwanji mphika wadothi susungunuka ukathiridwa madzi, pamene ng'ombe zimene ana amaumba kudambo zimaphwanyika mvula ikangowaza? Tinapita kudambo kukakumba dongo, mwana wanga atamukweza pa wilibala. Kenaka tinaitana agogo ena a m'mudzi muno amene akhala akuumba mbiya chiyambire utsikana wawo. Anakhala pansi, natambasula miyendo, nayamba kutola timiyala m'dongomo kamodzikamodzi, akuti kamwala kamodzi kokha kakatsalamo mphika umaphulika pamoto. Anapota dongo ngati chingwe, nkumalizunguliza, dzanja limodzi m'kati lina kunja, uku akusalaza ndi chitsononkho chonyowa. Ana amene m'kalasi satha kukhala duu ngakhale kanthawi kochepa anangoti kukamwa yasa. Agogowo sanapiteko kusukulu, koma tsiku limenelo ana ankawaitana kuti aphunzitsi, ndipo ine ndinaona mmene nkhope yawo inawalira.

Masamu analowa okha. Aliyense anayeza kukamwa kwa kamphika kake ndi ulusi, naika ulusiwo pa rula, nalemba. Timiphikato titauma pamthunzi anayezanso, napeza kuti tachepa. Mkangano unabuka wakuti dongo lapita kuti, mpaka mtsikana wina wa Sitandade 5 anati madzi ndiwo achoka. Nyengo imeneyi ndi youmbanso njerwa, ndiye tinapita kwa bambo ena amene ankapanga uvuni, ana nkuwerenga njerwa za mzere umodzi, kuchulukitsa ndi mizere, kuchulukitsanso ndi misanjiko. Mwana amene amadana ndi mathebulo anayamba kuwafuna yekha. Pomwepo tinaonanso mulu wa mitengo yaiwisi yodikira kuotchera njerwazo, ndipo sindinafunike kunena zambiri za kutha kwa mitengo m'mapiri athuwa. Miphika sinaume mokwanira sabata yomweyo, choncho tinadzaiotcha kumapeto kwa tchuthi. Mutu ukafuna kupitirira sabata yake, usiyeni upitirire. Ndinawauzanso ana kuti ku boma kuli Dedza Pottery, kumene anthu amadyera dongo lomweli ndipo alendo ochokera kunja amaima kudzagula makapu ndi mbale.

Sabata ya madzi tinayendera mjigo, chitsime ndi mtsinje, tinasefa madzi pansalu yoyera nkuona zotsalira, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anavomera kudzawaonetsa kathiridwe ka kolorini ndi kupanga mpondagiya wosambira m'manja. Sabata ya nyenyezi inali yosavuta chifukwa mu Ogasiti kumwamba kumakhala kopanda mitambo, kungoti kuno kumazizira, ndiye tinkasonkhana madzulo titakoleza moto, nthano nkumatsatira.

Sabata ya ndalama ndikufuna ndiikambe bwino, chifukwa kholo lililonse lingathe kuichita ngakhale lero. Ndinayala pamphasa ndalama zapepala zimene ndinali nazo ndi kufunsa kuti anthu ali pamenepawa ndani. Kamuzu Banda wa pa K1,000 anamudziwa onse. John Chilembwe wa pa K500 anamudziwa ambiri, chifukwa cha tchuthi cha pa 15 Januwale. Koma pa K50 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayankha, chonsecho ameneyo ndi Inkosi ya Makosi Philip Gomani II wa ku Ntcheu, pafupi pompa, amene anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka atsamunda anamuchotsa pampando. Atsikana nawo anadabwa kumva kuti mayi wa pa K200 ndi Rose Chibambo, amene anamenyera nawo ufulu wa dziko lino nadzakhala mayi woyamba kulowa m'gulu la nduna. Ana amanyamula ndalamazi tsiku ndi tsiku potumidwa mchere ndi sopo, osadziwa kuti anyamula mbiri ya kwawo.

Titachoka pamenepo tinalowa m'malonda enieni. Kuno kwathu ndi kwa kachewere, kabichi ndi tomato. Ana anafunsa alimi kudimba kuti ndowa ya kachewere amagulitsa bwanji, kenaka ana okulirapo anapita kumsewu wa M1 kukafunsa mtengo wa ndowa yomweyo kwa ogulitsa apamsewu. Atabwera anachotsera, nayamba kufunsa kuti ndalama yapakatiyo amadya ndani, ndipo wonyamula pa njinga amapatsidwa zingati. Mafunso amenewa ndi amene mlimi wamkulu amalira nawo chaka ndi chaka. Mnyamata wina anabwera ndi ndalama ya metikali imene bambo ake anapatsidwa ku Lizulu, ndipo zinatipatsa mpata wofotokoza kuti m'madera ena pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu womwewo ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Nkhani ya malireyo inatsegula ina: agogo ena anafotokoza mmene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzazira m'midzi ino m'zaka za m'ma 1980, mpaka nkhondoyo inatha mu 1992. Apa ndipemphe makolo kusamala. Nkhani zina za nthawi imeneyo nzowawa, ndipo ndi bwino kuyamba mwakambirana ndi wokambayo kuti anene zimene makutu a ana angathe kunyamula.

Ulendo umodzi wokha ndi umene unafuna ndalama, ndipo makolo tinasonkherana ya galimoto. Tinapita ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala. A Mkonzi, zimandipweteka kuti azungu amakwera ndege kudzaona malo amenewa pamene ana obadwira m'boma lomweli sanawamvepo. Bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo m'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula, ena mwa iwo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri ndipo zimanenedwa kuti anajambula ndi Akafula. Zoyera, zooneka ngati nyama zotambasula miyendo, anajambula ndi makolo athu Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi gule. Pokwera phiri mwana wanga wamkulu anamubereka mng'ono wake wa vuto la miyendo uja kumsana, anzake akusinthana kunyamula ndodo zake. Atafika pansi pa thanthwe mwanayo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti, "Amayi, utoto umenewu anautenga kuti woti mpaka lero sunafufutike?" Funso limenelo ndilo linatipatsa ntchito ya masiku otsatira: kusakaniza katondo, makala osinja ndi dothi loyera, nkumajambula pa makatoni ndi pakhoma la khola. Ndinawaonetsanso pamene anthu ena osaganiza analemba maina awo ndi makala pafupi ndi zojambulazo, ndipo anawo anakwiya okha. Za matanthauzo a zojambula zoyerazo sindinalowerere. Zimenezo zili ndi eni ake, anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo ali ndi nthawi yawo youzira mwana.

Chaka chino tikufunitsitsa titatsikira ku Mua kudzera msewu wa Khwekhwerere. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso kuli osema ziboliboli amene ana angawaonerere akugwira ntchito. Zikatheka, sabata imeneyo mutu wake udzakhala mtengo.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi ndi masewera, mwana wa Sitandade 7 amene chaka chamawa alembe mayeso a MANEB akufunika patitaimu. Sindikunyoza aphunzitsi amene amaphunzitsa pa tchuthi, ndikudziwa mmene malipiro amathera mwezi usanafike pakati. Koma ndinakhalamo m'kalasi, ndipo ndikudziwa kuti patitaimu yambiri ndi kukopera manotsi omwe aja pabolodi, mwana yemweyo wotopa, kholo nkulipira. Mwana wa mphawi amene sangalipire amatsala. Pamene mwana amene wayeza mphika wake ndi ulusi, nawerenga njerwa za pa uvuni, akadzakumana ndi funso la muyeso pa pepala amadziwa chimene akufunsidwa. Ndipo kulemba m'kope zimene waona ndi maso ake kumamuphunzitsa chimangirizo kuposa kuloweza cha munthu wina.

Vuto limene tikulimbana nalo mpaka pano ndi la atsikana. Sabata ikayamba amabwera bwino, koma pofika Lachitatu wina watumidwa kuchigayo, wina akulera mwana, wina waperekeza mayi ake kuganyu, pamene alongo awo ali nafe mpaka mapeto. Amayi anzanga, ntchito zapakhomo sizidzatha, tiyeni tizigawe kwa ana onse, anyamata nawonso manja ali nawo. M'boma lomwe lino Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ochuluka nkuwabwezera kusukulu, ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma tonse tikudziwa kuti atsikana ambiri amene sabwerera m'kalasi mu Seputembala amakhala atasokonekera pa tchuthi chomwechi, nthawi imene palibe wamkulu amene akudziwa kumene aswera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana akajomba ine ndimapita ndekha kukalankhula ndi mayi ake, ndipo nthawi zambiri tikakambirana amamumasula.

Simufunika kukhala mphunzitsi kuti muyambe. Mutu ungakhale njuchi, chimanga, njinga, mbalame, moto, nyimbo za pamtondo, chilichonse chimene m'mudzi mwanu muli munthu wochidziwa bwino. Wokonza njinga pamsika, telala, mzamba wopuma ntchito, mlimi wa kudimba, onsewa akapemphedwa mwaulemu kawirikawiri savuta. Chofunika ndi wamkulu mmodzi woti asonkhanitse ana ndi kuonetsetsa kuti wamng'ono ndi wolumala sakutsalira m'mbuyo. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo atithandize ndi malo, chifukwa zipinda za sukulu za mkombaphala ndi matchalitchi nthawi zambiri zimangokhala zotseka pakati pa sabata, pamene mu Ogasiti mphepo ya kuno siilola kuti ana alembe panja.

Kwa inu a Mkonzi pempho langa ndi lakuti pa nthawi ya tchuthi muzitipatsako kadanga kakang'ono ka ana m'Chichewa, kokhala ndi mutu umodzi pa sabata, mafunso angapo ndi zinthu zoti achite ndi zipangizo zopezeka kumudzi. Ana azitumizanso zimene alemba ndi kujambula kuti anzawo a ku Nsanje kapena ku Mchinji aone za kachewere wa ku Bembeke, ifenso tione za kwawo. Mitu ya masabata onse muziilengeza sukulu zisanatsekere, chifukwa kuno nyuzipepala imafika mochedwa ndipo imadutsa m'manja ambiri isanatipeze, komanso makolo timafunika nthawi yosonkherana ndi kupempha anthu oti adzaphunzitse anawo.

Ine wanu,
Mayi wa ana atatu,
Bembeke, Dedza