Ana akubwera ku baseball koma sakukhalitsa, makalabu tidzifunse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanu za masewero a baseball, makamaka makalabu ang'onoang'ono aja oyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka opanda malipiro. Ineyo ndimathandizira kuphunzitsa ana masewerowa ndipo chimene chikundipweteka mtima ndi chakuti kuitana ana kuti abwere sikuvuta kwenikweni, chovuta ndi choti abwerenso sabata yamawa, ndi inayo, mpaka sizoni ithe.

Makalabu ambiri mphamvu zonse amathera pa tsiku lolembetsa. Kuyenda m'masukulu, kumata mapepala, kulemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, tsikulo bwalo kudzaza, zithunzi kujambulidwa, aliyense kusangalala. Pakangotha mwezi mukawerenga otsala mupeza ndi omwe aja ankasewera kale. Nde akuluakulu amayamba kudandaula kuti ana amasiku ano ndi aulesi, mafoni awawononga, mpira wamiyendo wawatenga. Ine zimenezo ndimakana. Mwana amene wabwera tsiku loyamba wasonyeza kale kuti ali ndi chidwi, akasiya ndiye kuti pali chimene wakumana nacho pabwalo pathupo.

Tangoonani zomwe zimachitika pa treningi. Mwana watsopano wafika, amupatsa gulovu yaikulu yoti dzanja likungosambira mkati, kenako kochi amawakhazika pansi n'kuyamba kufotokoza malamulo, strike ndi chiyani, ball ndi chiyani, force out imakhala bwanji, mwana mutu waima. Akamaliza amamutumiza ku right field, kutali uko komwe mpira sufikafika, chifukwa kochi akuopa kuti akamuika pafupi aononga gemu. Kochi mmodzi akuponya, mwana mmodzi akumenya, ena onse angoima padzuwa kudikira. Watsopano uja amayamba kuzula udzu, kuyang'ana kumwamba, kuvula gulovu n'kuiika pamutu. Nthawi yake ikakwana amazunguza bat katatu, kuphonya katatu, anzake kuseka, basi kakhale pansi. Maola awiri atha mpira waugwira mwina kawiri. Kunyumba akamufunsa kuti zinali bwanji ayankha chani? Inuyo mukanabwereranso?

Tivomereze kuti kumenya mpira wa baseball ndi chinthu chovuta zedi, bat ndi yobulungira, mpira nawo wobulungira komanso ukubwera mwaliwiro. Akatswiri a ku Major League, ligi yaikulu ya baseball ku America, amene amalandira ndalama zankhaninkhani, akamenya bwino katatu pa maulendo 10 amatchedwa madolo. Katswiri wina, Ted Williams, anafika pa .406 mu 1941, kutanthauza kumenya bwino kopitirira pang'ono kanayi pa maulendo 10, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene wafikanso pa .400 sizoni yonse mu American League kapena National League, zigawo ziwiri za Major League. Ndiye ngati akatswiri amalephera kochuluka chonchi, mwana wa zaka 8 amene sanagwirepo bat tikumuyembekezera chani? Ntchito ya kochi pa masabata oyambirira ndi kuonetsetsa kuti mwana wamva kukoma koti bat yagunda mpira, mpira wapita, iye wathamanga n'kuponda base, malo amene womenya amathamangirako. Ndi chifukwa chake kuli tee-ball, mpira umaikidwa pakamtengo uli chiimire mwana n'kumenya popanda womuponyera. Makochi ena amaiona ngati yachibwana, koma mwana amene wamenya mpira kambirimbiri tsiku loyamba amapita kwawo akudumphadumpha. Agaweni anawo m'timagulu ta anayi kapena asanu, awa akumenya, awa akuponyerana, awa akuthamanga ma base, pakapita mphindi zochepa asinthane, pasapezeke woima. Malamulo adzawadziwa akusewera, palibe mwana anaphunzirapo force out atakhala pansi.

Komanso mpira weniweni wa baseball ndi wolimba, ukakugunda pachala kapena pamlomo sumaiwala. Ana ambiri amene amasowa mwakachetechete amakhala kuti anagundidwa kamodzi ndipo akuchita manyazi kunena kuti akuopa. Yambani ndi mpira wofewa, wolimbawo ubwere manja akazolowera.

Pa nkhani ya zipangizo ndimamva anthu akuti sitingakope ana chifukwa magulovu, ma bat ndi zipewa zoteteza mutu ndi zodula. Zoona ndi zodula, ndipo kalabu imene imauza kholo tsiku loyamba kuti ligule zonse yadzitsekera yokha khomo. Kalabu izikhala ndi chikwama cha zipangizo zobwerekana, ana akakula azisiya zawo zakale kwa ang'ono. Koma ngakhale zimenezo palibe, kuli Baseball5 imene bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse la WBSC linakhazikitsa potengera mmene ana amasewerera m'misewu ya ku Cuba. Imangofuna mpira wa labala basi, osewera asanu mbali iliyonse, kumenya ndi dzanja, popanda pitcher (woponyera mpira kwa womenya), ndipo pabwalo laling'ono lililonse imatheka. World Cup yake yoyamba inachitika ku Mexico City mu 2022, Cuba inatenga chikho, ndipo Kenya, Tunisia ndi South Africa zinali nawo. Matimu ake amakhala osakaniza amuna ndi akazi. Mwana akadziwa kuthamanga ma base ndi kuganiza koponya mpira kudzera mu Baseball5, kumusamutsira ku baseball yeniyeni sikuvuta.

Tsopano nkhani ya benchi, iyi ndiye imandiwawa kwambiri. Pali makochi amene mtima wawo wonse uli pa kuwina, gemu ya ana a zaka 10 amaitenga ngati fainolo ya dziko lonse, ndiye amaseweretsa ana asanu ndi anayi omwewo gemu iliyonse pomwe ena akungotenthetsa benchi atavala yunifolomu yoyera bwinobwino. Mwana uja wadzuka m'mawa, kholo lake lasiya ntchito zina kudzamuonera, gemu yatha sanalowe. Kawiri katatu zikatero kholo lomwe limanena kuti mwanawe tiye tizipita. A Little League, bungwe la baseball ya ana, amene anayamba ku Williamsport ku Pennsylvania m'dziko la America mu 1939 ndi bambo wina dzina lake Carl Stotz ndi matimu atatu okha, anaona vutoli ndipo ali ndi lamulo loti mwana aliyense amene wabwera ku gemu asewere kumbali yogwira mpaka osewera 6 a timu yomenya atatulutsidwa (ma out 6) komanso amenyeko kamodzi. Kalabu iliyonse ingathe kudziikira lamulo ngati limeneli ngakhale isakhale pansi pa Little League, n'kulemba papepala makolo alione. Chimodzimodzi za pitcher. Kochi akapeza mwana mmodzi wa mkono wamphamvu amamuponyetsa gemu iliyonse mpaka chigongono kutupa, pomwe ena sakuphunzira n'komwe. Kuyambira 2007 Little League imawerenga mipira imene mwana waponya, wa zaka 9 ndi 10 sapitirira 75 patsiku, wa zaka 11 ndi 12 sapitirira 85, ndipo akaponya yambiri amayenera kupuma masiku angapo. Lamulo limeneli limateteza mkono komanso limakakamiza kochi kuphunzitsa ana ambiri kuponya, ndipo mwana amene wapatsidwa mpata woponya ngakhale inning (chigawo cha gemu) imodzi amadzimva kuti timuyi ndi yake.

Atsikana tisamawabweze pageti. Little League inayamba kuwalola mu 1974 nkhani itafika kukhoti, ndipo mu 2014 Mo'ne Davis, mtsikana wa zaka 13, anaponya gemu yonse ku Little League World Series, mpikisano wa ana wa padziko lonse, timu inayo osapeza run (chigoli cha baseball) ngakhale imodzi. Kalabu yodandaula kuti ilibe osewera pomwe ikungoitana anyamba okha sindimaimvetsa.

Makolo nawo timawaiwala. Kholo limene silidziwa baseball likakhala pambali pabwalo limangoona anthu ataima, silidziwa nthawi yoombera m'manja, ndiye limatopa, ndipo kholo likatopa mwana sabweranso chifukwa womubweretsa ndi yemweyo. Tsiku lina apatseni bat makolowo amenyeko, asekane, aone okha kuvuta kwake. Wina mpatseni buku azilemba ma run, wina aziima pa first base kuuza ana kuti thamanga kapena ima, wina aphunzire kuimbira. Ndipo treningi iziyamba nthawi yake n'kutha nthawi yake, kholo lodikira ola lathunthu kochi asanafike silikhulupiriranso kalabuyo.

Mukamva mbiri ya Gift Ngoepe wa ku South Africa mumaona kufunika koti kalabu ikhale malo amene mwana akumva kuti ndi kwawo. Mayi ake ankagwira ntchito pa kalabu ya Randburg Mets ndipo banjalo linkakhala m'kachipinda ka pakalabu pomwepo, mwanayo anakulira pabwalo tsiku ndi tsiku. Mu April 2017 analowa mu Major League ndi Pittsburgh Pirates, woyamba wobadwira m'dziko la mu Africa kufika pamenepo, ndipo ulendo wake woyamba kumenya anapeza hit, kutanthauza kuti anamenya bwino n'kufika pa base. Ana a ku Lugazi ku Uganda nawo anafika ku Little League World Series mu 2012. Si kuti mwana aliyense adzafika kumeneko ayi, ambiri sadzafika ndipo palibe vuto, koma onsewa anayambira pa makalabu wamba pomwe munthu wina anawalola kugwira mpira.

Pena pomwe timatayira ana ambiri ndi pa zaka 13. Bwalo la ana ma base ake amatalikirana mafiti 60, la akuluakulu mafiti 90, ndiye mwana amene anali dolo chaka chatha mwadzidzidzi mpira wake sukufika ku first base, akamenya sukudutsa infield, mkati mwa bwalo momwe muli ma base, amayamba kudziona ngati watha. Nthawi yomweyonso sukulu yakula, anzake ena asiya. Little League inaika gawo lapakati la mafiti 70 pofuna kuchepetsa kudumpha kumeneku, ndipo kalabu iliyonse yokhala ndi tepi yoyezera ingathe kusuntha ma base chimodzimodzi. Achinyamata amenewa apatseninso udindo wothandiza kuphunzitsa ang'onoang'ono, munthu amene tiana tikumutcha kochi sasowa pabwalo wamba.

Ndipo ana akufuna magemu, treningi yokhayokha miyezi ndi miyezi popanda kukumana ndi timu ina imagwetsa ulesi. Ngati kalabu ina ili kutali gawanani nokha matimu awiri, ikani tsiku, lembani zotsatira, makolo abwere. Mwana akajomba kawiri motsatizana wina amuimbire foni kholo lake kufunsa ngati kuli bwino, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono, kusowa womuperekeza kapena mnzake wina anamunyoza, zoti zikanatha kukonzedwa tsiku lomwelo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti pa tsamba lanu la zamasewero muzisiyako kampata ka magemu a makalabu a ana, ngakhale mizere itatu yokha yonena kuti timu iyi yakumana ndi iyi ndipo zatha chonchi. Makalabu ali okonzeka kumakutumizirani zotsatira sabata iliyonse mukangotiuza kotumiza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wongodzipereka wa baseball ya ana