Dzino likundisowetsa tulo koma ndine woyembekezera, ndimvere ndani?

Zikomo Amayi Mlangizi,

Ndine mayi wa pabanja, ndipo ndili ndi pathupi pa miyezi isanu, mwana wanga woyamba. Vuto langa ndi dzino lachibwano lakumanzere lomwe linabooka kalekale. Poyamba linkangonyerenyesa ndikamwa madzi ozizira, koma pano likumawawa usiku wonse mpaka khutu ndi mutu womwe. Usinini nawo watupa, ndipo ndikamatsuka m'kamwa mswachi umatuluka wofiira. Miyezi yoyambirira ndinkasanza kwambiri moti fungo la mankhwala otsukira mano linkandiyambitsa nseru, choncho masiku ena ndinkangochukucha madzi n'kugona.

Ndikufuna kupita kwa dokotala wa mano, koma pakhomo pano nkhaniyi yabweretsa kusamvana. Apongozi anga aakazi akuti mayi wapakati sazula dzino, ndipo jakisoni wochititsa dzanzi amafika kwa mwana, mwina mpaka kupita padera. Akutinso mwana aliyense amadya dzino limodzi la mayi ake, ndiye ndingopirira mpaka nditachira. Sakunena izi chifukwa cha nkhanza ayi. Amandikonda, ndipo iwowo anatayapo mwana, motero mantha awo ndimawamvetsa. Bambo akunyumba ali pakatikati. Amandimvera chisoni akamandiona nditakhala tsonga pakati pa usiku nditagwira tsaya, koma kukacha amati, "Nanga chitachitika china chake, tidzawauza chiyani amayi?"

Chomwe chikundipweteka mtima kwambiri n'chakuti ngakhale kuchipatala sindinapeze yankho limodzi. Kusikelo amandiyeza BP, magazi, kulemera kwa thupi komanso kugunda kwa mtima wa mwana, koma palibe anandifunsapo za m'kamwa. Nditadandaula ndekha, anamwino anati ndikaonane ndi a mano. Nditapita kumeneko, amene ndinawapeza atangoona mimba anati ndidzabwere ndikadzachira, kapena ndibweretse kalata yochokera kwa dokotala wondiyang'anira. Ndinabwerera dzino lili momwemo, tsiku la ntchito litapita pachabe, ndalama yoyendera itatha. Ife tikusunga kangachepe kokonzekera mwana, ndiye ulendo uliwonse wopanda phindu umaoneka ngati ndikumulanda mwanayo.

Ndayesetsa kuwerenga ndi kufunsa, ndipo zomwe ndapeza zikusiyana kwambiri ndi zomwe ndikuuzidwa pakhomo. Ndamva kuti kutupa ndi kutuluka magazi kwa usinini kumachitikira amayi ambiri oyembekezera chifukwa cha kusintha kwa mahomoni, ndiponso kuti mwana satenga kashiamu m'mano mwa mayi. Chomwe chimawononga mano ndi asidi wa masanzi, kudyaidya zotsekemera ndi kuleka kutsuka bwino. Ndaphunziranso kuti munthu ukangosanza sufunika kutsuka ndi mswachi nthawi yomweyo, koma uchukuche madzi kaye n'kudikira pang'ono, chifukwa asidi amakhala atafewetsa kunja kwa dzino. Zimenezi bwenzi atandiuza kusikelo tsiku loyamba lomwe!

Ndawerenganso kuti jakisoni wa dzanzi wa lidocaine amagwiritsidwa ntchito kwa amayi oyembekezera, kuti X-ray ya mano ili ndi mphamvu yochepa kwambiri, komanso kuti nthawi yabwino yomata kapena kuzula dzino ndi kuyambira mwezi wa 4 mpaka wa 6, pamene nseru yachepa ndipo mimba isanakule moti n'kulephera kugona chagada pampando. Ngati zili choncho, ndiye kuti nthawi yabwinoyo ndi inoyi, ndipo ikundithera ndikuyang'ana.

Nkhawa yanga yaikulu ndi mankhwala. Ndikumwa paracetamol, koma mphamvu yake sikhalitsa. Mnzanga wina anandipatsa ibuprofen, ndipo sindinamwe chifukwa ndinamva kuti si wabwino mimba ikafika masabata 20 kupita m'tsogolo. Wina anandiuza za makapisozi otsala omwe anali nawo, koma ndikudziwa kuti ena, monga tetracycline, amathimbiritsa mano a mwana asanabadwe n'komwe. Ndiye taonani, Amayi: pofuna kuteteza mwana ku jakisoni mmodzi woperekedwa ndi dokotala, ndatsala pang'ono kumamwa mankhwala osadziwika bwino usiku uliwonse kwa miyezi inayi. Kudya nako kwachepa, chifukwa ndikutafunira mbali imodzi, ndipo zolimba ndasiya. Kodi mwana akupindula chiyani ndi mayi wosagona komanso wosadya mokwanira? Nanga dzinoli likachita mafinya, tsaya n'kutupa, thupi n'kutentha, si pamene tidzakhale pa ngozi tonse awiri?

Chonde ndithandizeni. Kodi zomwe ndawerengazi ndi zoona, moti ndilimbe mtima ndibwererenso kwa a mano? Akakandibwezanso ndikawauze chiyani, ndipo kalata akufunayo ndikaipemphe kwa ndani? Ndikufunanso kudziwa zizindikiro zomwe zikaoneka sindiyenera kudikira kuti kuche.

Koma pempho langa lenileni ndi la apongozi anga. Sindikufuna kupita mobisa, chifukwa ndi iwo omwe adzandidikirire ndi kundisambitsira mwana, ndipo zikadzadziwika adzaona ngati ndinawaderera. Ndaganiza zowatenga tsiku la sikelo kuti akamve okha kuchokera kwa anamwino, koma ndikuopa kuti tikakapeza munthu wamantha ngati woyamba uja, nkhani idzathera pomwepo ndipo sadzandilolanso. Bambo akunyumba ndiwalankhule bwanji kuti aime nane osaoneka ngati apandukira amayi awo?

Ine wanu,
Mayi woyembekezera wosowa mtengo wogwira