Kudziwa kusambira sikokwanira kwa wofuna usilikali wa pamadzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi achinyamata a m'boma lino la Mangochi, pamodzi ndi makolo awo, pa nkhani ya kukonzekera kulowa usilikali wa pamadzi. Nthawi iliyonse ikamveka mphekesera yoti a Malawi Defence Force (MDF) atsala pang'ono kulemba asilikali atsopano, misewu yathu imadzaza ndi anyamata othamanga m'bandakucha, kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera njira ya ku Monkey Bay, koma sabata ziwiri zisanathe ambiri amakhala atasiya, ena akutsimphina, ena ali gone ndi malungo. Ukawafunsa chifukwa chimene sanayambire kale kukonzekera, yankho lawo limakhala limodzi, loti iwo ndi ana a kunyanja, anayamba kusambira asanayambe sukulu, choncho ntchito ya pamadzi ndi yawo kale. Maganizo amenewa ndi amene akugwetsa ana athu, ndipo ndi amene ndikufuna kutsutsa m'kalata ino.

Sindikuwadzudzula chifukwa cholakalaka ntchitoyi, pakuti usilikali wa pamadzi si wachilendo kwathu kuno. Asilikali a pamadzi a dziko lino ali ndi malo awo ku Monkey Bay, m'boma lathu lomwe lino, ndipo mwana aliyense wa pa boma amaidziwa mfuti yaikulu imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi, imene inachokera m'sitima ya Gwendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya lina la nyanja. Ambiri tinaonanso mmene asilikali anagwiritsira ntchito maboti populumutsa anthu pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Koma khomo lolowera ntchitoyi lili pamtunda. Munthu asanaponde m'boti la asilikali amayamba wathamangitsidwa, wayezedwa thupi ndi madokotala, kenaka n'kukapirira miyezi ya maphunziro oyamba, amene kwathu kuno amachitikira ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, komwe ntchito yaikulu imagwiridwa ndi miyendo, mapapo ndi mtima womvera.

Zimenezi si za ku Malawi kokha. Ku America onse olowa usilikali wa pamadzi ngati asilikali wamba amayambira pa malo amodzi otchedwa Great Lakes, m'chigawo cha Illinois, m'mbali mwa nyanja ya Michigan, ndipo mayeso awo a mphamvu ali ndi mbali zitatu: kuthamanga mtunda wa makilomita 2.4 pa nthawi yoikika, kuchita mapushapu ochuluka mmene munthu angathere pa mphindi ziwiri, ndi kukhala chafufumimba utatsamira zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili tasa osakhudza pansi, kwa nthawi yaitali mmene ungapirire. Mbali yachitatuyi inalowa mu 2021 m'malo mwa masewero akale ogona chagada n'kumadzuka. Ku Britain nako, kumene olembedwa kumene amaphunzira kwa sabata 10 ku HMS Raleigh ku Cornwall, mtunda umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito poyesa ofuna kulowa ndi womwewo wa makilomita 2.4. Zofunika za kwathu kuno zimalembedwa m'chilengezo cha MDF, ndipo chilengezocho ndicho choyenera kutsata liwu ndi liwu, koma wachinyamata amene wakonza thupi lake mpaka kukwanitsa miyeso ngati imeneyi sangachite manyazi pa bwalo lililonse.

Vuto la mnyamata wa kugombe n'lakuti mphamvu zake zili kumtunda kwa thupi. Nkhafi ndi chilimira zinamupatsa mapewa ndi msana woti ngakhale wa m'tauni wonyamula zitsulo amasirira, ndipo mapushapu sangamuvute kwenikweni akangophunzira kuwachita moyenera, chifuwa chikutsika mpaka zigongono zitapindika bwino, chiuno chisakugwa pansi kapena kutukuka m'mwamba, chifukwa woyesa sawerenga pushapu yachinyengo. Koma moyo wa m'bwato ndi wokhala pansi usiku wonse n'kugona masana, ndipo miyendo yake sinazolowere kumenya nthaka ulendo wautali. Akayamba mwadzidzidzi kuthamanga tsiku ndi tsiku pa phula, atavala nsapato zakutha kapena zothina zimene wabwereka, minofu imalimba msanga koma mafupa ndi mitsempha zimatsalira, ndipo mapeto ake ndi ululu wa pamsongolo umene umakula mpaka fupa kuchita mng'alu. Mng'alu wotere umatenga sabata zambiri kuti upole, ndipo mwayi umakhala utadutsa.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kukonzekera kuyambe miyezi itatu kapena kuposera apo chilengezo chisanatuluke, osati tsiku limene chatuluka. Poyambira pake ndi kudziyesa moona mtima. Bwalo la mpira lokwanira bwino, ukalizungulira kunja kwa mizere kasanu ndi kawiri, umakhala utathamanga pafupifupi makilomita 2.4, ndipo foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, ili ndi wotchi yowerengera mphindi. Munthu alembe nthawi yake m'kope, kenaka sabata zoyambirira azithamanga pang'onopang'ono, liwiro loti angathe kulankhula ndi mnzake, akatopa n'kuyenda, kenaka n'kuyambiranso, masiku atatu kapena anayi pa sabata, masiku enawo thupi lipume. Kupuma kumeneku anyamata ambiri amakuona ngati ulesi, chonsecho ndi pamene thupi limamanga zimene zagumuka. Pakatha mwezi ayambe kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndipo tsiku limodzi pa sabata alisandutse la liwiro, kuzungulira bwalo kamodzi mwamphamvu, kamodzi moyenda, mobwerezabwereza. Mchenga wa kugombe umalimbitsa miyendo, koma mayeso sachitikira pamchenga, choncho nthaka youma ya pabwalo kapena msewu wafumbi ndiwo uzikhala malo a masiku onse. Nsapato zabwino za pa kaunjika, zokwana bwino ndiponso zokhala ndi mphira wochindikala kunsi, n'zofunika kuposa jezi yokongola.

Dzuwa la Mangochi nalo lisaiwalike. Mu Okutobala ndi Novembala, pofika 9 koloko m'mawa nthaka imakhala itayamba kale kuwotcha, ndipo ndaonapo anyamata akuthamanga masana atavala majekete, ena atadzikulunga mapulasitiki m'mimba, ati kuti atuluke thukuta lambiri achepetse thupi. Chimene amataya pamenepo ndi madzi, osati mafuta, ndipo munthu wotere akayamba chizungulire, mutu kuwawa, kusanza kapena kulankhula zosamveka, moyo wake uli pa chiswe. Ayenera kugonekedwa pamthunzi, kuthiridwa madzi ozizira thupi lonse ndi kuthamangira naye kuchipatala. Nthawi yabwino ndi m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka, ndipo madzi azimwedwa tsiku lonse, osati pa nthawi yothamanga yokha. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri m'boma lino, akakhala m'mwezi wa Ramadan achepetse mtunda ndi kusunthira masewero awo madzulo atamasula, pakuti kuthamanga padzuwa uli pa swaumu si kulimba mtima ayi.

Tsopano ndibwere pa kusambira komwe timanyadirako. N'zoona kuti mwana wa ku Chembe, ku Malindi kapena ku Makanjira saopa madzi, ndipo umenewu ndi mwayi umene mnzake wa kutali ndi nyanja alibe. Koma kusambira kwa kumudzi n'kwa munthu wovala kabudula yekha, wopita kumene akufuna ndi kutuluka pamene watopa, pomwe msilikali amaphunzitsidwa kupulumuka atagwera m'madzi mosayembekezera, zovala zili m'thupi. Mayeso oyamba a kusambira a ku America amafuna kuti munthu adumphire m'madzi kuchokera pansanja, asambire mtunda wa pafupifupi mamita 46, ayandame chafufumimba kwa mphindi zisanu akungotukula mutu popuma, ndipo asonyeze kuti angathe kukola mpweya m'zovala zake kuti zimuyandamitse. Onani kuti pamenepa liwiro silikufunika kwenikweni. Chofunika ndi kudekha, ndipo anyamata athu ambiri, amene amatha kumira pansi n'kukodola ukonde umene wakola pamwala, amalephera kukhala phee pamwamba pa madzi kwa mphindi zisanu chifukwa sanayesepo. Ayesere zimenezi pamalo osaya, pali anzawo oyang'anira, atavala malaya ndi thalauza lakale. Asayesere mu Shire kapena m'mabango a ku Malombe momwe muli ng'ona ndi mvuu, asalowe m'nyanja mwera ukuwomba, ndipo asadumphe kuchokera pamiyala pamalo pamene sakudziwa kuya kwake.

Koma nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, A Mkonzi, ndi ya likodzo, chifukwa nyanja yomweyo imene inatiphunzitsa kusambira ndi imenenso inatipatsa matendawa. Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka ukonde, ndipo timakakhazikika m'mitsempha ya magazi ya chikhodzodzo kapena ya matumbo, momwe timaikira mazira kwa zaka zambiri. M'midzi ina ya kugombe mnyamata kukodza magazi kumaonedwa ngati chinthu wamba, mwinanso ngati chizindikiro choti wakula, ndipo palibe amene amapita naye kuchipatala. Mnyamata wotere amatha kuoneka wadzitho, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: magazi ake ndi ochepa, ndipo magazi ochepa sanyamula mpweya wokwanira, choncho amapuma wefuwefu pa ulendo wachitatu wozungulira bwalo anzake akadali ndi mphamvu, iye n'kumaganiza kuti wina wamulodza. Ngakhale atalimbikira n'kupambana pa liwiro, dokotala akayeza mkodzo wake adzapezamo magazi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka m'zipatala zathu ndipo amamwedwa tsiku limodzi, kotero kuti mwana amataya ntchito ya moyo wake wonse chifukwa cha matenda amene akanachira miyezi ingapo m'mbuyomo. Aliyense wofuna ntchitoyi ayambe wapita kukayezetsa mkodzo, chimbudzi ndi kuchuluka kwa magazi asanayambe n'komwe kuthamanga, ndipo popeza adzapitiriza kulowa m'nyanja, akayezetsenso nthawi ya mayeso ikayandikira.

Palinso chifukwa china chimene mtundu wa mkodzo suyenera kunyalanyazidwa. Munthu akadzipanikiza mopitirira muyeso tsiku limodzi, makamaka padzuwa, minofu imatha kuwonongeka n'kutulutsa zinthu zimene zimatseka impso, ndipo chizindikiro chake ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi ululu waukulu wa minofu. Wozolowera kuona magazi a likodzo akhoza kuganiza kuti ndi zomwe zija, chonsecho apa pafunika chipatala tsiku lomwelo. Malungo nawo asachitidwe masewera: thupi likatentha munthu akayezetse, amalize mankhwala a LA masiku onse atatu, apume mpaka mphamvu zibwerere, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse.

Za chakudya sindichulukitsa mawu, chifukwa Mangochi sasowa zomanga thupi. Nsima ya mgaiwa, usipa, utaka, nyemba, nandolo, mtedza ndi masamba n'zokwanira, ndipo palibe chifukwa chogulira mankhwala a m'mabotolo amene amagulitsidwa pamsika ati opatsa mphamvu. Chofunika kusiya ndi kachasu, fodya ndi chamba, ndipo kusiya kwake kukhale kwa lero, pakuti mapapo sayera m'sabata imodzi. Atsikana nawonso amalembedwa usilikali, ndipo zonse ndanenazi zikuwakhudza, makamaka nkhani ya kuchepa kwa magazi; makolo asawaletse kuvala zothamangira n'kupita pabwalo poopa zonena za anthu, koma awapezere anzawo oti azithamanga nawo limodzi.

Ndichenjezenso makolo za anthu amene amatulukira nyengo ngati imeneyi, akumaimba foni kuti ali ndi m'bale wawo wamkulu ku likulu la asilikali ndipo dzina la mwana lilowa mukatumiza kangachepe. Mabanja agulitsapo mbuzi, ena injini ya boti, ndalama n'kupita osabwerera. Ndalama yoteroyo ikanagula nsapato, kulipira ulendo wa kuchipatala ndi kukonzetsa mapepala, pakuti satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika ziyenera kukhala ndi dzina limodzi ndi tsiku lobadwa limodzi, ndipo kukonzetsa zolakwika pa mapepala amenewa kumatenga nthawi. Wopempha chiphuphu akanenedwe kupolisi kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a m'boma lino. Tili ndi asilikali opuma ntchito ambiri ku Monkey Bay, ku Namwera ndi pa boma pomwe, amene amadziwa bwino zimene zimachitika ku maphunziro, ndipo ndikukhulupirira kuti mafumu ndi a khonsolo atawapempha sangakane kutsogolera achinyamata Loweruka lililonse m'mawa. Aphunzitsi aakulu atsegule mabwalo a sukulu kwa amene anamaliza Folomu 4, a zaumoyo akonze tsiku loyeza likodzo ndi magazi kwa achinyamata a msinkhu umenewu m'zipatala zing'onozing'ono za kugombe, ndipo inu, A Mkonzi, chilengezo cha MDF chikadzatuluka mudzachisindikize chonse m'Chichewa, ndi masiku ake, malo ake ndi mapepala ofunika, kuti mawailesi a m'dera lino adzachiwerengenso m'Chiyao kwa a ku Makanjira ndi ku Katuli amene nyuzipepala imawapeza mochedwa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Monkey Bay, Mangochi