Lipoti la msonkhano wa makochi ndi makolo: nkhani ya Efe Obada ndi pempho la anyamata athu

A Wapampando, akomiti ndi makolo nonse,

Munandituma ku London Loweruka lapitali kuti ndikamve za mpira wa ku America, umene anyamata athu atatu akhala akutiumiriza kuti akufuna kuyamba. Ndapita ndipo ndabwerako bwino. Sitima inachedwa, choncho ndinapeza malonje atatha, koma zokambirana zenizeni ndinazimva zonse. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa amayi asungichuma.

Ndivomere kuti ndinapita ndili mbuli. Kwa ine mpira umenewu unali chipwirikiti cha anthu ovala zipewa zachitsulo, kugundana ngati nkhosa kenaka kuima, kugundananso kenaka kuima. Kochi wina wachikulire ndiye anatimasulira. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Amene ali ndi mpira amapatsidwa mwayi kanayi kuti asunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Akalephera, mpira umapita kwa anzawo. Otchinga ntchito yawo ndi kuwalepheretsa, ndipo pakati pa otchingawo pali amene amaima kumapeto kwa mzere wakutsogolo, wotchedwa defensive end. Iyeyu amasaka munthu mmodzi, woponya mpira uja amati quarterback. Akamugwetsa mpira usanachoke m'manja, amati wachita sack, ndipo ma sack ndi amene amakweza kapena kutsitsa mtengo wa wosewera wa pamalo amenewa.

Anatitulutsa panja kuti tione. Mnyamata wina wa zaka ngati 17 anawerama, dzanja limodzi pansi, matako m'mwamba, maso ali pa mpira osaphethira. Mpira utangogwedezeka anafwamphuka, n'kumenya dzanja la womutchinga, n'kumuzungulira phewa lili pansi. Zonsezo sizinathe masekondi atatu. Ndinapempha kuvala chipewa chake. Ndi cholemera, mkati mwake munali fungo la thukuta, ndipo kochi atachimenya pang'ono ndi chikhatho makutu anga analira. Kumbukirani zimenezi, ndibwererako.

Gawo lalikulu la tsikulo linali pa moyo wa Efe Obada, wosewera wa pamalo a defensive end aja, amene makochi a kuno amamutenga ngati chitsanzo. Mwini wake kunalibe, nkhani yake anatifotokozera ndi makochiwo. Anabadwira ku Nigeria mu 1992, ali mwana anapita ku Netherlands, ndipo ali ndi zaka 10 anthu anamuzembetsa pamodzi ndi mlongo wake kuwabweretsa ku London. Atafika anawataya. Ana awiri, mzinda wachilendo, kogona kulibe. Pambuyo pake boma linawatenga, ndipo anakulira m'manja mwa mabanja olera ana, uku achoka uku alowa. Pamenepa m'holo munangoti zii. Ine maganizo anathawira kwathu, kwa makolo amene amapereka mwana kwa munthu amene akuti ndi malume pabwalo la ndege, poganiza kuti kunja kulibe mavuto. Nkhani imeneyi ndipempha kuti tidzaikambe payokha tsiku lina.

Mpirawu sanauyambe ali mwana. Anali ndi zaka 22, akugwira ntchito m'nyumba yosungira katundu, pamene analowa timu ya London Warriors mu 2014. Ndi munthu wamtali pafupifupi mamita awiri, wolemera makilogalamu oposa 110, koma wothamanga. Anasewera magemu asanu okha. Kochi wa otchinga pa timuyo, Aden Durde, anali ataphunzirako ntchito ku Dallas Cowboys, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, ndipo anawauza kuti amuyese. Mu 2015 Cowboys inamusayinitsa, munthu amene sanasewereko ku koleji ya ku America, komwe pafupifupi osewera onse a NFL amachokera.

Apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi ena. Wokamba nkhaniyo anadumpha kuchoka 2015 kufika 2018 ngati akuwoloka ngalande. Ndinakweza dzanja kufunsa kuti zaka zapakatizo anali kuti. Yankho lake ndi limene ndikufuna anyamata athu alimve. Dallas inamuchotsa. Kansas City Chiefs inamutenga n'kumuchotsa. Atlanta Falcons chimodzimodzi. Mu 2017 NFL inayambitsa ndondomeko yothandiza osewera ochokera kunja kwa America, yotchedwa International Player Pathway, ndipo iye anali mmodzi mwa anayi oyamba. Anamupereka ku Carolina Panthers, koma chaka chonsecho anali m'gulu longoyeserera ndi anzawo, losalowa m'bwalo tsiku la gemu. Zaka zitatu munthu akudzuka m'mamawa kukagundidwa, osadziwa ngati sabata yamawa dzina lake likhalapo.

Mu 2018 analowa m'gulu lenileni la osewera 53 a Panthers, woyamba kutero kudzera m'ndondomeko ija. Gemu yake yoyamba inali mu September, ndi Cincinnati Bengals. Anationetsa kanema wake. Anagwetsa quarterback Andy Dalton kamodzi, n'kuwakhanso mpira umene Dalton anaponya, chinthu chosowa kwa munthu wa pamzere wakutsogolo. Sabata imeneyo anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana m'chigawo cha NFC, chimodzi mwa zigawo ziwiri za NFL. Anali ndi zaka 26. Chaka chotsatira Panthers inabwera kudzasewera ndi Tampa Bay Buccaneers pa bwalo la Tottenham Hotspur, ndipo mwana amene anatayidwa mumzinda womwewo analowa ngati mmodzi wa makaputeni, timu yake n'kupambana. Ndisaname, pamenepo ndinapukuta m'maso.

Chaka chake chabwino kwambiri chinali 2020, pamene anachita ma sack asanu ndi theka. Theka limabwera anthu awiri akagwetsa quarterback limodzi, nane ndinachita kufunsa. Mu 2021 anapita ku Buffalo Bills, mu 2022 ku Washington Commanders komwe anakapezanso kochi wake wa ku Carolina, Ron Rivera. Mu November 2023 anathyoka mwendo m'bwalo. Durde uja naye anakwera, mu 2024 anakhala mkulu wa makochi a otchinga ku Seattle Seahawks.

Tsopano za chipewa chija. Masana kunabwera dokotala wachizimayi amene sananyengerere. Anati chipewa chimateteza chigaza kuti chisasweke, koma ubongo umagwedezekabe mkati, ndipo wa pamzere wakutsogolo amagunda mutu pafupifupi pa sewero lililonse. Anatchula kafukufuku wa ku Boston University wa 2017: mwa maubongo 111 a osewera akale a NFL amene anapimidwa atamwalira, 110 anali ndi matenda a CTE, obwera chifukwa chogundidwa mutu mobwerezabwereza. Anachenjeza yekha kuti maubongowo anaperekedwa ndi mabanja amene ankaona kale zizindikiro, choncho sizikutanthauza kuti wosewera aliyense amadwala. Komabe anakumbutsa za Junior Seau, wotchinga wotchuka wa San Diego Chargers, amene anadzipha mu 2012 ali ndi zaka 43, ndipo atamupima anamupeza ndi CTE. Makochi ena nkhope zinagwa. Mmodzi anayankha kuti malamulo asintha ndipo ana akuphunzitsidwa kugwetsa ndi phewa osati mutu. Ndi zoona, koma sindinakhutire kwenikweni.

Maganizo anga ndi awa. Nkhani ya Obada ndi yokoma, koma tisaigwiritse ntchito ngati nyambo. Iye anali ndi thupi losowa, anakumana ndi kochi woyenera pa nthawi yake, ndipo anapirira kuchotsedwa ndi matimu atatu. Ambiri amene amalowa NFL satha zaka zinayi. Tikauza ana athu kuti magemu asanu akukwana, tiwanamiza.

Sindikunena kuti tiwakanize. Pali mtundu wina wotchedwa flag football, wa anthu asanu mbali iliyonse, wopanda kugundana: m'malo momugwetsa munthu umangosolola kansalu kamene wamangirira m'chiuno. Atsikana amasewera nawonso, ndipo udzakhalapo pa Olimpiki ya ku Los Angeles mu 2028. Zipangizo zake ndi zotsika mtengo, thumba lathu lingakwanitse. Kwa amene wafika zaka 16 ndipo mtima wake uli pa mpira wogundanawo, kuli NFL Academy ku Loughborough, komwe amaphatikiza sukulu ndi masewera mpaka zaka 19. Kulowa kwake n'kopikisana, ndipo asanayese n'komwe ndikufuna kholo lake lidzamve zimene dokotala uja ananena.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa tiitane anyamata atatuwo ndi makolo awo. Kochi wachikulire uja wavomera kubwera ngati timulipirira sitima, ndipo wati adzabweretsa malamba a flag ndi chipewa chimodzi kuti aliyense adzachivale yekha. Tidzafunika holo yaikulu kuposa ya masiku onse, kapena tidzapemphe bwalo la kuseri kwa tchalitchi ngati kudzakhale kopanda mvula.

Ine nthumwi yanu.