Kalata kwa mnzanga wa ku York

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako yafika titataya kale mtima. Mayi ako ali bwino, kungoti bondo lija likuwavutabe. Mlamu wako sanabwezebe njinga ija, ndipo mvula yadula chimanga chili pa ngayaye.

Ukuti unakaona kachisi wa Margaret Clitherow mu msewu wa Shambles ku York konko, koma sunamvetse kuti munthu angaphedwe bwanji asanaweruzidwe. Tchera khutu, chifukwa nkhaniyi ndi ya anthu osayankha ngati iwe.

Masiku amenewo ku England mlandu waukulu sunkayamba mpaka woimbidwa mlanduyo atanena kuti akuvomera kapena akukana. Akangoti duu, ankamugoneka chagada, manja ndi miyendo atazikoka ndi zingwe, thabwa pachifuwa, pamwamba pake zitsulo kapena miyala. Tsiku loyamba ankamupatsa tizidutswa titatu ta buledi wa balere popanda madzi, mawa lake madzi achithaphwi popanda buledi, choncho mpaka ayankhe kapena afe. Ena ankasankha dala imfa imeneyi. Wopezeka wolakwa minda yake inkalandidwa, pamene wofa asanaweruzidwe minda inkatsalira ana.

Margaret sanali kuteteza minda. Anamugwira chifukwa chobisa ansembe a Katolika m'nyumba mwake, ndipo sanafune kuti ana ake akakamizidwe kuperekera umboni mayi wawo. Pa 25 Malichi 1586 anamugoneka pa mwala wosongoka, waukulu ngati chibakera, n'kumusanjika chitseko ndi katundu woposa makilogalamu 300. Mwalawo unali wothyola msana kuti imfa isachedwe, ndipo anatsirizika patatha mphindi pafupifupi 15. Mchitidwewu unatha mu 1772.

Ndiye kuno tagwirizana kuti ukadzachedwanso kuyankha, mayi ako apereka chitseko cha kukhitchini, abusa apereka njerwa zotsala pa tchalitchi zija, ine ndibweretsa buledi. Tizidutswa titatu tokha, usayembekezere tiyi. Ndikuseka, koma polemba za ana a mayi uja dzanja lalemera. Mayi akonso amakhala pakhonde madzulo alionse kufunsa ngati walemba.

Mlamu wako nayenso asadzitame. Kuba chinthu choposa sheleni imodzi, makobiri 12 aja agogo ankatiuza, chilango chake chinali chingwe. Ku Tyburn, mu London, mu 1571 anaimika mitengo itatu yolumikizidwa pamwamba, yokwana anthu 24 nthawi imodzi. Wonyongedwayo ankamuimika pa ngolo, hatchi n'kuchoka. Popeza sankagwa patali, khosi silinkathyoka, ankangobanika pang'onopang'ono, abale n'kumamukoka miyendo kuti asavutike nthawi yaitali. N'chifukwa chake amuna 12 ogamula mlandu nthawi zambiri ankatsitsa dala mtengo wa chobedwacho, n'kunena kuti n'cha makobiri 10, wakubayo angokwapulidwa.

Njira ina yopulumukira inali kuwerenga. Lamulo lakale loteteza atsogoleri a mpingo linafika poti mwamuna aliyense wotha kuwerenga ankaligwiritsa ntchito. Ankamutsegulira Salimo 51, ndime yoyamba, m'Chilatini, ndipo osaphunzira ambiri ankangoiloweza pamtima ali m'ndende. Akawerenga, ankamudinda ndi chitsulo chamoto pa chala chamanthu, T kwa wakuba, M kwa wopha munthu, kuti asadzapulumukirenso pomwepo kachiwiri. Mlamu wako ndi ulesi wake uja sakanaloweza ngakhale mawu awiri.

Kuzunza munthu kuti aulule ndi nkhani ina, sikunkachitika m'mabwalo wamba. Pankafunika chilolezo cha mfumu kapena cha aphungu ake apamtima, ndipo kawirikawiri ankachitira ku Tower of London, linga la mfumu lomwe linalinso ndende. Guy Fawkes, yemwenso anabadwira ku York komweko, atagwidwa mu 1605 akufuna kuphulitsa nyumba ya malamulo, Mfumu James inalamula kuti ayambe ndi mazunzo ocheperapo. Ukadzaona mmene anasainira dzina lake pambuyo pake, zilembo zonjenjemera zija, ndiye kuti... pepala landithera, ndipo magetsi angozima. Nsapato za mayi ako ndi saizi 6, osati 7 ngati ulendo watha.

Ndine mnzako.