Kukumbukira Msodzi wa pa Chilumba cha Monhegan

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndikumbukire kudzera m'nyuzipepala yanu gogo wina amene watisiya posachedwapa, msodzi wa nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa lobster pa chilumba cha Monhegan ku Maine, m'dziko la America, amene ndinagwirako ganyu m'boti mwake kwa nyengo imodzi.

Pa chilumbachi, pomwe okhalapo chaka chonse sakwana 100, usodziwu umachitika m'miyezi yozizira, ndipo palibe amene amatchera miono yake anzake asanakonzeke. Malemuwa ankadzuka kusanache, manja atachita zikang'a chifukwa cha zingwe ndi madzi amchere, n'kuyamba kuvuula miono yawaya imene ankaizindikira poona mtundu wa utoto wa pa zoyandama zawo.

Chimene sindidzaiwala ndi momwe ankaperekera ulemu kwa nkhanu yaikazi. Akaipeza ili ndi mazira kunsi kwa mchira, ankaidula pang'ono kachizindikiro kooneka ngati V pa chipsepse, kenako n'kuibwezera m'madzi mwaulemu ngati akuperekeza mlendo, kuti aliyense wodzaikola adzaisiye. Zina zonse ankaziyeza ndi kachitsulo, popeza lamulo la ku Maine limaletsa kugwira yamsana wochepera mainchesi atatu ndi kota kapena woposa mainchesi 5. Ine, mwana wa kunyanja amene ndinakula ndikuona chambo chikuchepa, ndinachita manyazi tsiku limene anandigwira ndikubisa ina yaing'ono m'ndowa. Sanandikalipire, koma anangotambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa.

Ndine wowerenga wanu,
ku Portland, Maine